Kanyumba ka matabwa kutali ndi magetsi ndi mipope: kusankha pakati pa felemu ya paini, zipika, mapolo a bulugamu ndi khoma la miyala

Zithunzi zambiri za tinyumba ta matabwa zimene anthu amatumizirana pa foni n'za ku Canada, Norway kapena Finland, kumene kuzizira sikulola chiswe chonga chathu kukhala ndi moyo. Kuno ku Malawi nyumba ya matabwa imakhalitsa kapena kugwa chifukwa cha chiswe, chinyontho ndi moto wolusa. Kukongola kumabwera pambuyo. Ndalama zimene zimapulumutsa nyumba yotere ndi zimene mlendo saziona: mankhwala olowa mkati mwa thabwa, maziko okweza nyumba kuchoka pa dothi, ndi denga lotuluka kunja mokwanira.

Pofuna kuti kuyerekezaku kukhale kwachilungamo, njira zonse zinayi taziyeza pa kanyumba kamodzi: mamita 6 m'litali, 4 m'lifupi, makoma otalika mamita 2.4, khonde la mamita 2 kutsogolo, kogona anthu awiri mpaka anayi. Ndalama tazitchula moyerekeza osati m'makwacha, popeza mitengo ya zipangizo imasintha pulani isanathe n'kujambulidwa komwe.

Zoyenera kuyeza musanasankhe

Yambani ndi chiswe. Yendani pamalopo m'miyezi ya mvula, muwerenge zulu zimene zili pafupi, mutembenuze nthambi zogwa muone ngati zakutidwa ndi dothi. Kumadera otentha monga Mangochi, Salima, Nkhotakota ndi kuchigwa cha Shire chiswe chimagwira ntchito chaka chonse. Pamwamba pa mapiri ozizira monga Nyika chimachepa kwambiri, koma pamenepo mdani amakhala kuola. Thabwa limene chinyontho chake chapitirira 20 peresenti kwa nthawi yaitali limayamba kumera nkhungu ndi kufumbutuka, ndipo ku Nkhata Bay ndi kummwera kwa phiri la Mulanje, kumene mvula imapitirira mamilimita 1,500 pachaka, khoma losatetezeka silipeza mpata wouma.

Moto umabwera kuyambira Ogasiti mpaka Novembala, udzu ukauma, kawirikawiri woyatsidwa ndi osaka mbewa kapena ososa m'minda. Kanyumba kopumulirako kamakhala kotseka masiku ambiri, choncho funso loti adzalambula ndani ndi kuzimitsa ndani moto inu muli ku Lilongwe liyenera kuyankhidwa musanagule thabwa ngakhale limodzi.

Onaninso msewu. Ngati lole ya matani 7 singafike pamalopo, chilichonse chidzasenzedwa pamutu kapena paphewa, ndipo njira yolemera idzadya ndalama zanu pa aganyu. Za amisiri nazonso: akalipentala athu ambiri amadziwa bwino denga, zitseko ndi mipando, koma amene anamangapo khoma lonse la matabwa ndi ochepa.

Malo otsetsereka aoneni ndi mantha oyenera. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anagumula mapiri ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Soche, ndipo zigumula zinatsata makwawa ndi timitsinje timene m'chilimwe timaoneka ngati malo abwino omangapo. Kunyanja nako madzi anakwera mu 2024 mpaka kulowa m'malo ambiri ogona alendo. Funsani akuluakulu a m'mudzimo pamene madzi anafikapo kale, mumange kumtunda kwa pamenepo.

Pa malamulo, malo a mafumu amayendetsedwa ndi lamulo la 2016 la malo a makolo, ndipo mawu apakamwa a nyakwawa sakwanira pa nyumba imene mukuikapo ndalama zambiri. M'nkhalango yotetezedwa kapena m'paki simungamange popanda mgwirizano ndi nthambi ya boma yoyang'anira malowo. Ngati kanyumbako kazilandira alendo olipira, pitani kaye ku MEPA, bungwe loona za chilengedwe, mukamve zimene likufuna pa ntchito ya kukula kwake.

Zimene sizisintha, musankhe njira iliyonse

Matabwa aume asanakhomedwe. Aunjikeni pamthunzi podutsa mphepo, masentimita 30 kapena kuposa kuchoka pansi, timitengo ta mamilimita 25 pakati pa mzere uliwonse, motalikirana masentimita 60 ndipo toyang'anizana kuchokera pansi mpaka pamwamba. Paini wa inchi imodzi amauma m'miyezi iwiri kapena itatu ya chilimwe. Bulugamu amatenga nthawi yaitali kuposa pamenepo. Mukakhoma laliwisi, limakhwinyata liri pakhoma, mipata n'kutseguka, zitseko n'kuyamba kukana.

Mankhwala ali ndi magulu. H2 ndi ya matabwa a mkati osanyowa, H3 ya kunja koma osakhudza dothi, H4 ya okwiriridwa m'dothi, H5 ya m'dothi lonyowa nthawi zonse. Mankhwala oterewa, monga CCA (osakaniza kopa, kiromiyamu ndi aseniki) amene amasiya mtundu wobiriwirako, amalowetsedwa ndi mphamvu ya makina m'thanki yotseka. Opaka ndi burashi amangolowa mamilimita ochepa, ndipo oyilo wakutha wa galimoto amene ambiri amadalira amadetsa dothi osaletsa chiswe kwa nthawi yaitali. Pogula, dulani thabwa limodzi pakati pamaso pa wogulitsa. Ngati kubiriwira kwathera pakhungu, thabwalo analingoviika. Paliponse pamene mwadula kapena kuboola pakani mankhwala kawiri. Misomali ndi mabawuti zikhale za galavanaizi, chifukwa kopa wa mu CCA amadya chitsulo wamba. Zidutswa zotsala musasonkhere moto wophikira kapena wootha: utsi ndi phulusa lake zili ndi poizoni wa aseniki.

Denga lituluke masentimita 80 mpaka 90 mbali zonse. Pansi pa malata ikani pepala lonyezimira loletsa kutentha, chifukwa kumapiri malata amachita thukuta usiku n'kumadonthezera pa mapaso. Mapaso amangidwe ku khoma ndi malamba achitsulo, khoma limangidwe ku maziko ndi mabawuti. Nyumba ya matabwa ndi yopepuka, mphepo ya mwera kapena ya mkuntho imainyamula mosavuta kuposa ya njerwa. Denga la udzu ndi lozizira bwino koma limafuna kupendekeka kwa madigiri 45, silipereka madzi akumwa, ndipo kutchire kumene moto umadutsa chaka ndi chaka sitikulilimbikitsa.

Njira yoyamba: felemu ya paini yokutidwa ndi matabwa

Nyumba imakhala pa nsanamira 12 za konkire kapena miyala, mizere itatu ya nsanamira zinayi, zotalikirana mamita 2. Pakati pa dothi ndi mitanda pakhale masentimita 45 kapena kuposa, kuti munthu athe kukwawa ndi tochi. Pamwamba pa nsanamira iliyonse pamaikidwa lata lotuluka mamilimita 40 mbali zonse, lopindikira pansi. Latalo silipha chiswe. Limachikakamiza kumanga njira yake ya dothi poonekera. Pamitandapo pamagona matabwa a 2x6 (muyeso wa mainchi) okwana 16, otalikirana masentimita 40. Khoma ndi ma 2x4 oimirira pa masentimita 60 aliwonse, pafupifupi 45, ndi ena opingasa m'makona kuti nyumba isapendekeke. Kunja kumakhomedwa ma 1x8 mogona, lapamwamba kuphimba lapansi mamilimita 30, pafupifupi mamita 280 onse pamodzi.

*Ndalama.* Nyumba yonse, pansi ndi denga pomwe, imadya matabwa pakati pa makiyubiki mita 4 ndi 5. Mwa njira zinayizi ili pakati. Chimene chimakweza ndalama ndi mankhwala ndi misomali ya galavanaizi, ndipo apa ndi pamene ambiri amadula bajeti, kenako n'kumanganso khoma patapita zaka zochepa.

*Kapezekedwe.* Paini wambiri amachokera ku Chikangawa, nkhalango ya Viphya ya mahekitala pafupifupi 53,000 imene inadzalidwa kwambiri m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, komanso ku Zomba ndi Dedza. Moto ndi kudula mosadzala zatha mbali yaikulu ya mitengo yokhwima, kotero matabwa ambiri a pamsika masiku ano ndi a mitengo yaing'ono: ofewa, amfundo zambiri, opindika akamauma. Sankhani limodzilimodzi, poliyang'ana kuchokera kunsonga ngati lawongoka. Muyeso nawo sukhala umodzi. 2x4 wocheka ndi sowo yamanja amasiyana ndi mnzake mamilimita angapo, choncho konzekerani ndalama zopalitsa. Matabwa othiridwa mankhwala ndi makina sapezeka m'misika wamba, amafunika kuitanitsa nthawi ikadalipo. Ubwino waukulu ndi kupepuka: thabwa lililonse munthu mmodzi amalisenza kukwera nalo phiri.

*Kasamalidwe.* Kukwawa pansi pa nyumba kawiri pachaka, mvula isanayambe ndi itangotha, kugumula njira za chiswe ndi kutsata kumene zachokera. Kupaka mafuta a matabwa kapena penti zaka ziwiri kapena zitatu zilizonse, makamaka khoma loyang'ana kumene mvula imachokera. Vanishi wonyezimira kunja musaike: dzuwa limamusenda, madzi n'kulowa pansi pake osatulukanso. Thabwa likaola limazulidwa lokha n'kuikapo lina.

*Zoopsa zake.* Mpata wa mkati mwa khoma ndi msewu wobisika wa chiswe ndi makoswe. Tsekani pansi pake ndi waya wa sefa, ndipo musaunjike nkhuni kapena kudzala maluwa okhudza khoma. Masitepe ndi paipi ya madzi ndi milatho imene chiswe chimadutsira kulambalala malata aja. Sitepe yoyamba ikhale ya mwala, yosiyana ndi thabwa masentimita 5. Khoma lopanda chotsekera kuzizira mkati limazizira msanga usiku. Pa zivomerezi, monga zija za ku Karonga mu Disembala 2009, felemu yomangidwa bwino ndi mabawuti imagwedezeka osagwa.

Njira yachiwiri: zipika zogonekedwa

Iyi ndi imene ili pa zithunzi zija, ndipo ku Malawi ilipo: tinyumba ta alendo ta ku Chelinda, pa Nyika, ndi ta zipika za paini. Koma taonani pamene tili: pamwamba pa mamita 2,000, pamene chisanu chimagwa mu Juni ndi Julaye, pafupi ndi nkhalango ya paini.

*Ndalama.* Zipika za masentimita 20 m'mimba mwake zimafunika mizere 13 kapena 14 kuti khoma lifike mamita 2.4, kutanthauza mamita pafupifupi 300 a zipika, makiyubiki mita 9 pa makoma okha. Ndi kanayi kuposa makoma a felemu. Onjezani thiransipoti, anthu anayi kapena kuposa pa chipika chilichonse, ndi masabata ambiri osema. Ndi njira yodula kuposa zonse, pokhapokha mitengoyo ili yanu ndipo ili pomwepo.

*Kapezekedwe.* Zipika zowongoka za mamita 6.6, zosasiyana kwambiri kukula pakati pa tsinde ndi nsonga, n'zosowa. Kuzitengera ku fakitale yothira mankhwala n'kuzibweza ndi ulendo wa lole kawiri. Mmisiri wodziwa kusema makona kuti chipika chikhale bwino pa chinzake ndi wosowa koposa zipikazo.

*Kasamalidwe.* Khoma la zipika limatsika likamauma. Zaziwisi zimatha kutsika mpaka 6 peresenti, ndiye kuti masentimita 10 mpaka 15 pa khoma lathuli, m'zaka zoyambirira. Pamwamba pa chitseko ndi zenera lililonse siyani mpata wotere, wophimbidwa ndi thabwa lokhomedwa mbali imodzi yokha, ndipo felemu ya chitseko ilowe mumsewu wosemedwa m'nsonga za zipika m'malo mokhomedwa ndi misomali. Mukapanda kutero kulemera kwa denga kumatsamira pa mawindo, magalasi n'kusweka. Mipata ya pakati pa zipika imafuna kumatidwanso pafupipafupi. Ming'alu yoyang'ana kumwamba imasunga madzi a mvula, iyenera kuthiridwa mankhwala ndi kutsekedwa.

*Zoopsa zake.* Makungwa akachedwa kusendedwa, tizilombo timaboola ndipo paini amachita mabala abuluu m'masabata ochepa. Chipika chapansi ndi chimene chimayamba kuola, ndipo kuchisintha kumafuna kukweza nyumba yonse ndi majeke. Chiswe chikalowa chimadya mkati n'kusiya khungu, mwininyumba osadziwa kanthu. Gogodani ndi nyundo chaka chilichonse, pomveka phwaphwa pafufuzidwe. Ubwino wake weniweni ndi awiri: khoma lochindikala limasunga kutentha kwa moto wa madzulo, ndipo chipika chachikulu sichigwira moto msanga ngati thabwa la inchi imodzi. Kunyanja ndi kuchigwa njirayi sitikuivomereza.

Njira yachitatu: mapolo a bulugamu

Mapolo a masentimita 12.5 mpaka 15 ndiwo amanyamula denga ndi pansi, otalikirana mamita 2, ndipo makoma amangokhala chotchinga: matabwa, nsungwi zong'amba, bango, kapena sefa ya udzudzu pamwamba pa thabwa lofika m'chiuno. Ndi mdzukulu wa nyumba ya nsichi ndi mzati, choncho amisiri akumudzi saichitira chilendo.

*Ndalama.* Yotsika kuposa zonse. Denga limayamba kukwera, ntchito yotsala n'kumachitikira pamthunzi, pang'onopang'ono monga ndalama zikupezekera. Pamalo otsetsereka imapulumutsa ndalama zokumba ndi kusalaza, popeza mumangotalikitsa mapolo a kumunsi.

*Kapezekedwe.* Bulugamu ali paliponse, m'minda ya anthu ndi m'maesiteti a tiyi ndi fodya, ndipo akadulidwa amaphukanso pachitsa, chinthu chimene paini sachita. Koma polo wodula dzulo ndi wosiyana kutali ndi polo wa H4. Pa bulugamu mankhwala amalowa mu mnofu woyera wakunja wokha, mtima salowamo; choncho polo wokwirira asasemedwe kapena kupalidwa mbali yolowa m'dothi. Mapolo akuda a kiriyosoti, onga a magetsi, amakhalitsa koma amanunkha kukatentha ndipo amadetsa zovala. Akhale a pansi pa nyumba, osati m'chipinda chogona.

*Kasamalidwe.* Polo amaolera pamene dothi lakumana ndi mpweya. Chaka chilichonse fukulani masentimita 15 mozungulira, mubaye ndi sikuludiraiva. Dzenje likhale lakuya masentimita 80 mpaka mita imodzi, miyala ing'onoing'ono pansi. Musathire konkire pansi pa polo ngati kapu, chifukwa madzi amadikha mmenemo. Konkire izungulire m'mbali mokha, pamwamba pake potsetsereka. Yabwino koposa ndi kuika polo pa nsapato yachitsulo pamwamba pa nsanamira ya konkire, osakhudza dothi n'komwe. Mabawuti amangidwenso pakatha chilimwe choyamba, mitengo ikakhwinyata.

Nsungwi zikhale za zaka zitatu mpaka zisanu, zodulidwa m'chilimwe, zoboola mfundo zonse ndi chitsulo chachitali, zoviikidwa sabata imodzi kapena ziwiri m'madzi a boraksi ndi asidi wa boriki, pafupifupi makilogalamu 5 mpaka 6 a mankhwala pa malita 100. Zopanda mankhwala zimafumbwa m'zaka ziwiri kapena zitatu. Mankhwalawa amasungunuka ndi mvula, choncho nsungwi zikhale pansi pa denga.

*Zoopsa zake.* Bulugamu amang'aluka kunsonga. Mangani nsonga ndi waya wokhuthala kapena khomani mbale yachitsulo ya minga, ndipo bawuti ikhale masentimita 15 kapena kuposa kuchokera kunsonga. Boolani kaye musanakhome. Polo wokwiriridwa ndi msewu wolunjika wa chiswe, wosatheka kuutchinga ndi lata. Makoma a bango ndi nsungwi amayaka ngati udzu, satchinga kuzizira, ndipo wakuba amalowa ndi chikwanje chokha.

Njira yachinayi: miyala kapena njerwa za dothi ndi simenti pansi, matabwa pamwamba

Khoma la miyala limakwera mpaka mita imodzi, pamene mawindo ayambira, kenako felemu ya paini monga m'njira yoyamba. Pakati pa ziwirizi pamagona pulasitiki wokhuthala woletsa chinyontho ndi lata lotchinga chiswe, ndipo thabwa loyamba, la H3, limamangidwa ndi mabawuti a mamilimita 12 omizidwa m'konkire pa mita 1.2 iliyonse. Matabwa akunja atsike masentimita 5 kuphimba polumikizirapo.

*Ndalama.* Yokwera kuposa felemu yokha chifukwa cha simenti, mchenga, madzi omangira ndi amisiri a mitundu iwiri, koma yotsika kuposa zipika. Matabwa a makoma amachepa pafupifupi ndi magawo awiri mwa asanu.

*Kapezekedwe.* Kumapiri miyala ili pomwepo, ndipo omanga ndi miyala ali m'boma lililonse. Kumene kulibe miyala, njerwa zopanikiza ndi makina amanja, za dothi losakaniza simenti 5 mpaka 8 peresenti, zimaumbidwa pamalopo n'kusungidwa zonyowa pansi pa pulasitiki masabata awiri kapena kuposa. Njerwa zootcha ndi nkhuni zisiyeni: malamulo a 2018 a NCIC, bungwe loona za zomangamanga, amaziletsa pa nyumba za boma ndi za malonda, ndipo uvuni umodzi umatha mitengo ya m'nkhalango yomweyo imene mwaitsatira.

*Kasamalidwe.* Kochepa kuposa njira zonse. Mbali imene mvula imathovukira kuchokera pansi ndi mwala, suola. Kuyendera chiswe n'kongozungulira nyumba mutaimirira. Khoma la miyalalo musalikute ndi matabwa mkati, kuti njira za chiswe zioneke mbali zonse ziwiri.

*Zoopsa zake.* Pansi pa simenti pakang'aluka chiswe chimatulukira mumng'alumo, nthawi zambiri kuseri kwa kabati. Tsindirani dothi bwino musanathire konkire. Pa dothi lamakande, lotupa ndi kuuma, khoma lolemera limang'ambika ngati maziko ali osaya. Pamalo otsetsereka kwambiri kudula phiri kuti pasalale kumatsegula njira ya madzi ndi kugumuka. Simenti nayo ili ndi mtolo wake pa chilengedwe. Komabe moto wa udzu umayenda pansi, ndipo mita imodzi ya mwala ndi chitetezo chimene njira zina zitatuzi zilibe.

Mkungudza, mbawa ndi mlombwa

Wina adzakunong'onezani kuti ali ndi mkungudza wa ku Mulanje, wosadyedwa ndi chiswe. Za chiswezo n'zoona, ndipo n'chifukwa chake unatha. Unalengezedwa kukhala mtengo wa dziko lino mu 1984, koma kalembera wa 2017 anapeza mitengo yokhwima 7 yokha paphiri lonse, ndipo mu 2019 unalowa pa mndandanda wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a zamoyo zimene zili pangozi yakutha. Thabwa latsopano la mkungudza ndi lakuba, musaligule. Mbawa ndi mlombwa za mu Africa nazo zinaikidwa pa mndandandawo mu 2022, ndipo kuzidula kumafuna chilolezo pansi pa lamulo la zankhalango la 1997, limene zilango zake zinakhwimitsidwa mu 2020. Ngati mukufuna thabwa lolimba la chitseko kapena pakhomo, funani lakale lochokera ku nyumba yogumulidwa.

Magetsi, madzi ndi chimbudzi

Mababu 6 a mawati 5 kwa maola 5, mafoni ndi kompyuta, kafiriji kakang'ono ndi kapampu zimadya pafupifupi yuniti imodzi patsiku. Mapanelo a sola a mawati 400 mpaka 600, oyang'ana kumpoto, opendekeka madigiri 15, amakwanira. Batire la lithiyamu la 12.8V 200Ah limasunga za masiku awiri. A mtovu angafunike kukula pafupifupi kawiri, popeza sayenera kutsitsidwa kupitirira theka, ndipo amafa msanga akasiyidwa osadzaza. Ku Mulanje ndi Thyolo, kumene chiperoni chimaphimba dzuwa masiku angapo motsatizana, werengerani masiku atatu. Ketulo ndi simbi sizikwana pa sola yotere. Phikirani gasi kapena mbaula ya chitetezo m'khitchini yapadera. M'nyumba ya matabwa waya aliyense adutse m'paipi chifukwa cha makoswe, fyuzi ikhale pafupi ndi batire, ndipo wolumikiza akhale wa chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta. Paipi ya utsi yachitsulo yosakutidwa italikirane ndi thabwa masentimita 45.

Denga la masikweya mita 50 pa mvula ya mamilimita 1,000 limapereka malita pafupifupi 40,000. Vuto ndi posungira. Anthu anayi pa malita 40 aliyense amatha 160 patsiku: obwera Loweruka ndi Lamlungu lokha amadutsa chilimwe ndi mathanki awiri a malita 5,000, koma okhala tsiku lililonse angafunike pafupifupi 29,000, ndiye pafunika kasupe kapena chitsime. Thanki yodzaza imalemera matani 5, ikhale pa maziko akeake, ndipo madzi osefukira apite kutali ndi nsanamira. Madzi a mvula yoyamba atayidwe.

Chimbudzi chogejemula chimatha malita 6 mpaka 9 ulendo umodzi, n'chosayenera pa madzi a mvula okha. Chokumba chokhala ndi paipi ya mpweya chikhale mamita 30 kuchokera pa chitsime kapena mtsinje, kumunsi kwake. Pathanthwe kapena pamchenga wa kunyanja, cha zipinda ziwiri chopatula mkodzo, chothiridwa phulusa ndi dothi, ndicho choyenera. Chipinda chodzaza chimatsekedwa miyezi 6 mpaka 12. Bafa likhale la njerwa kapena miyala ngakhale nyumba yonse ili ya matabwa.

Njira iti, kwa yani

Kumapiri ozizira a Viphya, Dedza kapena Zomba, pamene galimoto imafika ndipo miyala ilipo, sankhani yachinayi, makamaka ngati nyumbayo izikhala yotseka miyezi yambiri kapena izilandira alendo olipira. Pamene msewu umathera patali ndipo zonse n'zosenza, kapena pamalo otsetsereka amene simukufuna kuwadula, felemu ya paini pa nsanamira ndiyo yotheka, bola pakhale munthu wodalirika wokwawa pansi pake kawiri pachaka.

Kunyanja, kumene chofunika ndi mthunzi ndi mphepo, mapolo a bulugamu pa nsapato zachitsulo, makoma opepuka ndi sefa ya udzudzu amakwanira, ndipo ndi njira ya amene ndalama zawo zimabwera pang'onopang'ono. Katundu wodula monga mabatire asungidwe m'kachipinda ka njerwa kokhoma. Kuchigwa cha Shire ndi malo ena a zulu zambiri, kwezani miyala kapena njerwa mpaka pamwamba pa mawindo, matabwa akhale a denga, khonde ndi zitseko zokha.

Zipika zisiyireni amene ali pamwamba pozizira kwenikweni, ali ndi paini wawo wokhwima pafupi, apeza mmisiri amene angawaonetse nyumba imene anamanga zaka zisanu zapitazo, ndipo angadikire chaka chathunthu zipikazo zikuuma asanayambe kumanga.